Ya Chingwe

Lolemba, 3 Marichi

Makaniko wabwera m'mawa. Watsegula injini ya boti lathu pakhonde, wagwedeza mutu. Dzimbiri mpaka m'kati. Akuti, "Mayi, iyi musawonongerenso ndalama, ingoyiikani m'manda mwaulemu." Anaseka yekha. Atawona kuti bambo a Wamtali akumva ali pampando wawo, anasiya.

Injiniyo zaka 19. Boti zaka 26. Sitiroko ya bambo, miyezi isanu. Dzanja lamanja likadali lolemera, kapu amagwira ndi lamanzere.

Chidwalireni iwo, panyanja amapita ndi mwana wathu woyamba, Wamtali. Mongogwirizira. M'nyumba muno tonse timati mongogwirizira.

Lachitatu, 5 Marichi

Kusitolo ya zipangizo za maboti, ndekha. Wogulitsa akuti injini zikuluzikuluzo ndisaziyang'ane n'komwe, zingathyole thabwa lakumbuyo, boti lathu ndi nkhalamba. Zotiyenera ziwiri. Yolizira chingwe, 2,400. Yolizira kiyi, 3,150 ndi batire lomwe. Kusiyana 750.

Ya kiyiyo anaimiza mwendo mu mgolo wa madzi, nati ndiyese. Zala ziwiri basi, yalira. Ndinazimitsa, ndinalizanso ndi dzanja lamanzere. Yaliranso.

Bambo angathe. Angabwerere panyanja. Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, miyendo osaimva.

Loweruka, 8 Marichi

Ndawauza. Ndinayamba ndawameta ndevu kuti mtima ukhale m'malo. Anamvetsera mpaka ndamaliza, kenako, "Ya chingwe, mayi ake."

Ndinafotokozanso, mwina sanamve. Akuti anamva, sitiroko sinagwire makutu.

Amuna ndi manyazi awo. Akuopa anzawo padoko adzati akuliza boti ngati galimoto ya bwana. Wamtali naye sandithandiza, amangoti zili kwa bambo.

Tili ndi 2,600. Makina anga osokera, telala wa pakona wanena 600. Pamodzi 3,200. Ikukwana, kutsala 50.

Lachisanu, 14 Marichi

Makina apita dzulo. Pamene ankakhala patsala zipsera zinayi pasimenti.

Lero tsiku la kuchipatala, lofinya kampira kolimbitsa dzanja. Potuluka ndawatengera kusitolo kuti akaone okha. Ya kiyi sanaiyang'ane ngakhale ndi diso limodzi. Anapita pa ya chingwe, nati aimize mu mgolo.

Anakoka ndi lamanja. Chogwirira chinapulumuka, chinakamenya chivundikiro, kha! Anakoka ndi lamanzere. Chingwe chinafika pakati, injini inatsokomola, zii. Anayesanso. Thukuta pakhosi. Anthu m'sitolo onse kuyang'ana pansi. Wogulitsa anatambasula dzanja kuti awathandize, ine ndinamuletsa ndi maso.

Atapuma anayamba mafunso. Chingwe chikaduka uli pamadzi, ungakulunge china? Mapulagi ake amapezeka? Funde likaimenya imazima? Atayankhidwa anasisita chivundikiro ngati mutu wa mwana. "Yabwino iyi."

Panjira ndinawalankhula mawu olimba. Ndinati mukufuna tigule chinthu choti muzingochisisita. Anangondipempha ndiwamangire batani la malaya.

Loweruka, 15 Marichi

Sitinalankhulane. Chakudya anadya chochepa. Kampira kali pansi pa bedi, sanakatole. Nanenso sindinakatole.

Lolemba, 24 Marichi

Masabata atatu boti lili pamchenga. Nsomba zogula, ife.

Makaniko anadzatenga injini yakale, akuti achotsamo zina. Ndikuchapa kuseri ndinamva bambo akumuuza kuti batire likafera kutali, mphepo itayamba, kiyi amasanduka kachitsulo chabe. Chingwe sichifa, chimangofuna phewa. Makaniko akuti zoona mdala.

Ndinatulukira ndi thovu m'manja, ndinati phewalo mulitenga kuti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mofatsa, mpaka ndinachita manyazi.

Madzulo ndatopa nazo. Ndapereka ndalama kwa Wamtali akatenge ya chingwe. 2,400. Zatsala 800. Bambo akuti, "Kawomboleni makina anu." Ndinapita. Telala anagulitsa kale kwa munthu wodutsa.

Lachinayi, 27 Marichi

Anadzuka okha, anavala okha, mabatani okha ndi amene ndinamanga. Akuti tipite kudoko, lero aika injini. Ndinanyamula chipewa chawo cha panyanja, ndinabisa m'chikwama. Mwina.

Tinapeza kalipentala akuzula thabwa lokhalira lakumbuyo. Lija la bambo, losalala, lokumbika pakati chifukwa chokhalidwa. Ine sanandiuze. Bambo anapangana naye Lolemba lomwe lija tinagula injini.

Anamukhazika Wamtali pathabwa latsopano, bambo akulozera ndi ndodo ali pamchenga. "Kwezani pang'ono. Mwanayu miyendo ngati mitengo ya magetsi, maondo amamugunda pachibwano." Kalipentala kuseka. Bambo akuti miyezi yonseyi mwana wakhala akubwera msana uli wopindika, osadandaula, poopa kusuntha mpando wa bambo ake. Ine mayi wake sindinaone. Iwo anaona ali pakhonde.

Anakankhira boti m'madzi. Wamtali anakoka kamodzi. Yalira.

"Bambo, kwerani tikayese."

"Pita. Ine ndiimvera pompano."

Anaima atapendeketsa mutu mpaka phokoso linachepa. Akuti ikuyenda bwino, koma mwanayo akuithamangitsa, injini yatsopano imafuna kuleredwa kaye, ndikamuuze ine chifukwa iwo akanena aziona ngati akumukalipira.

Ndiye m'sitolo muja sankadziyesa ngati angathe. Ankadziwa kale. Ine ndekha ndi amene ndinkagulira iwo.

Thabwa lakale anati ndinyamule. Lolemera kuposa maonekedwe. Ndinafunsa ngati ndi la nkhuni. Ayi, ndiliike pakhonde pa njerwa, moyang'ana njira yochokera kudoko.

Ndaika. Akhalapo tsopano, ndikuwaona pazenera. Dzanja lamanja pa bondo, lopindika pang'ono, monga ankagwirira chiwongolero.

Chipewa chikadali m'chikwama. Sindikudziwa ngati ndichipachike pamsomali pake kapena ndimupatse Wamtali.