Dzina la Amayi Anu

Ndunde, Chiradzulu
9 Okutobala 2007

Okondedwa amake Funsani, mwana wanga,

Kuno ndadzuka, kaya inu ku Joniko. Akundilembera ndi a Lameck, ndipo andichenjeza kale kuti ndisatalikitse ngati ndikulankhula pamaliro, pepala ndi limodzi.

Munamva kuti mlongo wanu Calvin ali ndi mwana wamkazi. Tsiku lotuluka m'chikuta anandiika khandalo m'manja kuti ndilitche dzina, monga timachitira. Sindinachedwe. Ndinati Gertrude, dzina la malemu amayi anu. Azimayi analulutira, ine ndinazembera kuseri kwa nkhokwe kukapukuta m'maso.

Tsono Calvin ku Limbe kuja amalowa m'kasitolo kena ka makompyuta. Akuti mmenemo muli chinthu chotchedwa intaneti, ukachifunsa mawu a Chingerezi chimakuuza kumene anachokera, makolo ake ndi makolo a makolo ake. Anakafunsa dzina la mwana. Chinamuyankha kuti Gertrude ndi dzina lakalekale la ku Jeremani, ndipo mkati mwake muli mkondo. Mkazi wake Thandie atamva analira. Abusa a tchalitchi chawo chatsopanochi akuti dzina limatsata mwini wake, mwana wa mkondo adzakula wandewu. Kumapeto kwa mwezi uno akukamupereka kutchalitchi, ndipo akufuna akamulembe Favour.

Ndinamufunsa Calvin kuti, "Makina akowo anawaonapo amako?" Iye anangoti, "Bambo, zimenezi analemba ndi anthu ophunzira."

Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikusimbira anthu kumene zinthu zinachokera, mmene makolo athu analowera kuno kuchoka ku Mozambiki, amene anayamba kulima dimba ili, amene anabzala mango aja. Anthu ankaimika makasu n'kumamvera. Koma lero ndatopa, mwanangu. Ndinayamba kumusimbira Calvin mmene amake anayendera wapansi mpaka ku Boma atamubereka kumbuyo, iye akudwala chikuku, koma maso ake anali pa foni. Nkhani ndinaisiyira panjira, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.

Mwina makinawo sananame, ine sindidziwa za ku Jeremani. Chimene ndidziwa n'chakuti amayi anu sankatha kupha ngakhale nkhuku, ankaitana ine. Ngati unali mkondo, unkaloza kunja, ife tonse tili kumbuyo kwake.

Muimbireni foni mlongo wanuyo, inu amakumverani. Ulendo uno sindikupempha shuga kapena jekete. Akakana ndithu, alembe maina onse awiri, la amayi anu likhale ngakhale kumapeto.

Mupereke moni kwa mkamwini wanga ndi kwa Funsani. A Lameck akupereka moni, akuti dzanja lauma. Gertrude nayenso akupereka moni. Ndikumapita kwawo kwa Thandie m'mawa uliwonse, ngakhale mwendowu ukukana, kukangomuitana khandalo dzinali kuti alizolowere mwezi usanathe. Dzulo anatembenuka.

Ndine bambo wanu,
Overtone