Mkono Wanga Sunavulale, Achemwali

Kansas
14 Juni

Okondedwa achemwali anga a Nydia,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Guayama, inu ndi alamu ndi ana. Nanga shuga wa Amayi watsikako? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Ndalembera inu osati Bambo chifukwa pali bodza limene ndasenza miyezi inayi tsopano.

Mkono wanga sunavulale. Zija ndinanena pafoni mu Febuluwale, zoti dokotala wandiletsa kuponya mpira chaka chino, ndinanama. Zoona zake n'zakuti ndinalephera masamu. Anthu osaka osewera a matimu akuluakulu a besibo atayamba kudzandionerera, mutu unakula. Ndinkathawa kalasi ya m'mawa kukaponya mpira, n'kumati mabuku adikire.

Malikisi anga onse pamodzi anakwanirabe pang'onong'ono, moti ligi ya makoleji ikanandilola kusewera. Koma kochi wathu, a Tillery, ali ndi lamulo lawolawo: wolephera phunziro ngakhale limodzi sakhudza mpira. Anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti ndikhala pabenchi mpaka ndidzakhoze. Ndinachonderera, ndinalira, ndinawakumbutsa kuti patimu yonse palibe woponya kuposa ine. Iwo anavula chipewa n'kunena kuti, "Ndikudziwa, mwana wanga. Koma mkono umatha. Ndaona anyamata ambiri akubwerera kwawo chigongono chitang'ambika, pepala alibe. Iweyo ayi, ine ndikadali pano."

Achemwali, munthu wa zaka 64 ameneyu ankakhala nane mulaibulale Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Masamuwo iwo sawadziwa n'komwe, ankangokhala pambali panga kuti ndisathawe. Colby, mnzanga amene amawakha mipira yanga, ankasuzumira n'kumati, "Apulofesa, x uja mwampeza? Mukampeza mumuuze adzatiponyere Loweruka, poti inuyo mwatitaya." Ndinkaseka nawo, koma zinkandilasa.

Timu inayamba kugonja. Anthu olemera amene amathandiza koleji anayamba kung'ung'udza, ndipo akuluakulu anauza a Tillery kuti andibwezere m'bwalo. Anakana. Anawauzanso, anakananso. Mu Meyi tinatuluka mumpikisano tsiku loyamba lomwe, pa gemu imene ndikanaponya ine. Ndinaonerera ndili pabenchi, manja ali m'thumba.

Zotsatira za mayeso obwereza a masamu zinatuluka Lolemba lake. Ndakhoza, achemwali, ndapeza 78. Ndinathamangira ku ofesi kukawaonetsa, koma ndinawapeza akutsitsa zithunzi za matimu awo pakhoma n'kumaziika m'makatoni. Anali atawachotsa ntchito m'mawa womwewo, atagwira zaka 22.

Ndinawauza kuti ndawachotsetsa ndine. Anati ndisadzikweze, anasankha okha, ndipo atati abwerere m'mbuyo angachitenso chimodzimodzi. Kenako anatenga pepala langa, analiwerenga kawiri, n'kupempha kuti alijambule pafoni akaonetse akazi awo. Apo ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinawanyamulira makatoni mpaka pagalimoto. Pa anyamata onse a timu, amene anabwera kudzawatsanzika anali Colby ndi ena atatu basi. Ena mpaka lero sandilankhula, akuti ndinawadyera chaka.

Kochi watsopano wafika kale. Anandisisita paphewa n'kunena kuti za laibulale zatha, ntchito yanga ndi kuponya. Ndinangoti chabwino bwana. Sindinamuuze kuti kalasi sindidzajombanso, adzaona yekha.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti Bambo amauza anzawo onse osewera nawo domino kuti mkono ukuchira, ndipo Amayi akuyatsa makandulo kutchalitchi kupempherera chigongono chabwinobwino. Chonde muwawerengere kalatayi Lamlungu mukatha kudya. Musadumphe mzere uliwonse, musandikometsere. Ndayesa katatu kuwauza ndekha, koma Bambo akangofunsa kuti mkono wagona bwanji, ndimangowayankha kuti ukuchira. Ngati akwiye, akwiye ndithu. Ndidzaimba Lolemba masana, ndipo zonse zimene anganene ndidzamvetsera osadula foni.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa alamu a Efraín, kwa azakhali a Luz ndi kwa ana anu onse awiri. Muwauze Amayi kuti mpunga wa nandolo uja asandisungire, tchuthi chino sindibwera msanga. A Tillery akusamuka kumapeto kwa mwezi uno, akupita kukakhala kufupi ndi mwana wawo, ndipo ndawalonjeza kukawathandiza kukweza katundu. Ndi chokhacho chimene andilola kuwachitira.

Tsalani bwino, achemwali.

Ine mlongo wanu,
Yadiel