Mapesi a M'munda wa Bambo Awo

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Akundilembera ndi mpongozi wanga. Ndamuuza alembe momwe ndikunenera, asakometse.

Ana ndawaona onse. Wachisamba tsopano ndi mphunzitsi wamkulu. Womuponda pamutu ndi namwino, anthu amamuimitsa pamsewu kumuthokoza. Mzime wanga Kamphuno, uja ankaopa nkhuku, ndiye amayang'anira matanki kufakitale yopanga mafuta a galimoto kuchokera ku zinyalala.

Anapita nane kukandionetsa. Malole amakhuthula mapesi, zitsononkho, makoko a zipatso ndi zakudya zotsala. Amazigaya, zimasasa m'matanki aatali kuposa nyumba, kenako amatcheza. Ndinamuuza kuti kumeneko n'kutcheza mowa basi, kungoti iye wavalira chipewa cholimba. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Potuluka tinadutsa pa mulu wa mapesi. Kunawomba kamphepo, mapesi aja n'kuyamba tswatswatswa, monga ankachitira malemu amuna anga, bambo awo a anawa, akamatuluka m'munda. Ndinatembenuka, manja nditatambasula kale kuti ndiwalandire khasu. Panalibe munthu. Chichokereni kumeneko ndimawamvabe, ngakhale m'khitchini muno masanasana, mawindo ali otseka.

Ukudziwa kuti chigwereni iwo m'munda muja ndakhala ndikukaniza aliyense kudula kapena kutentha mapesi awo omaliza. Tsopano Kamphuno akufuna atumize lole idzawatenge. Ndinamukalipira. Iye anati chiswe chayamba kale kuwadya, ndipo mvula ikagwa sipadzatsala kanthu. Anatinso bambo ake anayenda wapansi moyo wawo wonse kuti iye aphunzire, ndiye akufuna thukuta lawo liyendetseko basi ya ana asukulu ngakhale tsiku limodzi.

Ndavomera. Pempho langa ndi limodzi: anthu a lole akafika ife tisanabwere, asalowe m'mundamo. Uwapatse madzi akumwa, adikire kumsewu. Mapesi amenewo tidzadula ndi manja athu. Mzere womwe anagwera bambo awo ndidzadula ndekha, ndipo ndidzawauza kuti kumunda aweruka, apume.

Upereke moni kwa alamu anga, atsibweni ndi adzukulu onse. Uwauze kuti tonse tidzakumana pamundapo Loweruka pa 14 Juni, mame akangouma. Aliyense abwere ndi chikwanje chake.

Ndatha ine,
Mkulu wako