Mchere wa M'khitchini ya a Pinto

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Nako mwera umawomba? Kuno wayamba, ndipo m'mawa uno ndinadzuka ndikuganiza kuti mwina mukumva kuzizira, popeza tinakufunditsani nsalu imodzi yokha. Ndine Ereni wanu, ndili kuno ku Kotakota. Kulemba kuja anatiphunzitsa ku mishoni, kumene munkandinyadira nako pamaso pa anzanu ngakhale inu simunkatha kuwerenga, lero ndakutengera kwa inu. Mupeze wina kumeneko akuwerengereni, koma asakhale wamiseche, chifukwa kumapeto kuli nkhani yanu nokha.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mpunga wa faya wa m'dimba lanu la ku Chia wacha bwino, kupatula mbali ya kumadzi imene mvuu zinatichezera. Bambo amazikalipira mvuuzo ngati mbuzi za mnansi. Iwo ali bwino, bondo lokha ndilo likuvuta, ndipo pakhonde amakhalabe mbali yawo, yanu ija amaisiya. Mtsinje wa Bua unadzaza chaka chino, mpasa tinadya mpaka kutopa nazo. Mng'ono wanga Marita wabereka mwana wamwamuna, wamakutu a agogo ake ndithu, sangasochere. Achimwene anatumiza bulangete kuchokera ku Halale, kalata ayi. Nkhuku yanu yamawanga inatengedwa ndi mphamba, ndinalira ngati ndi munthu. Amuna paboma angotanganidwa ndi kukangana za chitaganya, ife madzi tikutungabe pachitsime chomwe chija.

Za ine mukudziwa mmene munandisiyira. Zaka zapita ndili pabanja, kumsana kulibe kanthu. Munkandisisita m'mutu n'kumati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe." Ndadekha, Amayi, mpaka ndayamba kufanana ndi nkhonoyo.

Mukukumbuka masiku aja munkandiitana ndili kusewera, "Ereni, tabwera udzathire mchere m'ndiwomu"? Ndinkayesa mukundilemekeza kuti ndakula. Anamkungwi ndiwo anadzandiuza kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, kuopa kudula anthu, mdulo ungawagwire pachifuwa. Wansembe ankati ndi zachikunja. Inu munkavomera ndi mutu m'tchalitchi, kufika kunyumba n'kundiitana ndithu. Tsono m'nyumba mwanga mulibe woti ndimuitane. Mwezi uliwonse ndinkakabwereka mwana kwa anansi athu a Nachisale. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ndikamadutsa naye pabwalo, mitondo ya amayi osinja inkayamba yaleka kulira, mudzi wonse n'kudziwa kuti kwa Ereni kulibenso kanthu.

Mkamwini wanu Filipo sanandinenepo choipa. Koma amalume ake anabwera, anakhala naye kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali, ndipo atachoka Filipo anandiuza kuti tikakolola mpunga apita ku Halale kukafuna ntchito. Inu ndi ine tikudziwa kuti mwamuna wopanda mwana womukokera kwawo, akapita kumeneko amatchona. Mpungawo ndi uwo ndanena kuti wacha.

Tsopano ndikuuzeni kumene ndakhala ndikubisala. Mmwenye wina wa sitolo ya kufupi ndi doko anatsegula chipinda chodyeramo anthu otsika sitima, n'kubweretsa khukhi wake. Dzina lawo ndi a Pinto, kwawo ndi ku Goa, Mkhristu ngati ife, wamfupi, wa imvi m'makutu. Akuti anaphika m'zombo za panyanja yamchere ndi m'mahotela aakulu a ku Beira. Ine ndinapita kukagulitsa mpunga, koma nditafika kuseri kwa sitoloyo fungo linandigwira miyendo. Sindidziwa ndikufotokozereni bwanji. Linali ngati utsi wa lubani wa m'tchalitchi utakwatiwa ndi fungo la mtedza wokazinga. Ndinaima pamenepo lichero lili pamutu mpaka iwo anasuzumira n'kufunsa ngati ndimadziwa kupera. Ndinati mwana wa ndani sangadziwe kupera? M'mawa mwake ndinapita ndi mwanamphero wanu, uja anatsetseka mbali imene munkagwira.

Amayi, ife timati kuphika ndi kuika nsomba m'madzi, matimati, mchere, basi moto uchite zake. Kwa a Pinto madzi amabwera kumapeto ngati mlendo wochedwa. Ndiwo zawo amazitcha kari, ndipo zimayamba ndi mafuta ndi kuleza mtima. Amaponya njere za mpiru m'mafuta otentha n'kuimika chala, kudikira kuti zithetheke. Amati, "Zikalankhula, iwe uyankhe ndi anyezi." Anyeziwo sawathamangitsa, amawatembenuza pamoto wochepa mpaka afiire ngati uchi. Ndikafulumira amandilanda chipande n'kumati, "Pole pole, mama, sitima siikudikira iwe." Chinyanja chawo chimatsimphina, chimatsamira pa Chiswahili, koma timamvana.

Njere zonunkhira amazikazinga zouma m'chiwaya: dania, jira, karafuu, tsabola wouma ndi timakungwa tina totsekemera fungo. Ine ndimazipera pamodzi ndi adyo, chikasu ndi madzi a bwemba, zonsezo zikaphatikana ndiye masala. Inde, bwemba yemwe uja munkatikalipira kuti ationongera mano, kuno ndi bwana. Masalawo amawakazinga mpaka mafuta atulukire m'mbali mwa sefuliya, ndiye kuti apsa. M'mawa uliwonse timaphika sefuliya yaikulu ya msuzi wa anyezi wopanda nyama. Munthu akafuna nkhuku, timatapako. Akafuna mbuzi, timatapako, n'kuonjeza zake zake. A Pinto anaimenya sefuliyayo ndi chipande n'kunena, "Uyu ndi mayi. Enawa onse ndi ana ake." Ndinaseka, kenako ndinatembenukira kukhoma ngati utsi wandilowa m'maso.

Ndikamapera, mutu umachoka. Iwo amakamba za kwawo, kumene akuti mpunga umamera moyang'anana ndi nyanja yosamweka, ndipo ine ndimaona ngalawa zija munkati agogo ankazionera pagombe pano, matanga ali yeee, zitadzaza makungwa onunkhira. Nthawi zina mu nthunzi ya sefuliya ndimakuonani mutakhala pamphasa mukusankha mpunga, manja anu ali achikasu ngati anga. Mumangonunkhiza m'mwamba, n'kugwedeza mutu monga munkachitira ndiwo zikakoma.

Koma ndinene za mchere. A Pinto amathira mchere pa anyezi poyamba pomwe kuti atulutse madzi, kenako amathiranso, kulawa, kuthiranso. Dzanja la wophika silitalikirana ndi chikho cha mchere. Pamene ntchito yanga inali kupera kokha, panalibe vuto. Ndiye tsiku lina la sitima anandipatsa chipande n'kunena kuti kari ya kampango ndi yanga, ndiphike ndekha kuyambira mafuta mpaka mkaka wa kokonati. Tsiku lomwelo m'mawa ndinali nditapita kumwezi. M'khitchinimo mulibe mwana. Ndinayang'ana chikho chija, ndinaganiza za anthu osadziwa kanthu amene akhala kuseri kwa khomalo, ena okalamba, ena mwina odwala, ndipo dzanja linakana. Ndinachita zonse bwinobwino, kampango anaoneka ngati wa pa ukwati. Mchere sindinathire.

Mbale zinabwerera. Mwini sitolo anabwera yekha kukhitchini, ndipo a Pinto, munthu amene anaphikira akapitawo a zombo, anaima chilili akunyozedwa chifukwa cha ine. Mwiniyo atachoka, a Pinto anandifunsa, "Mutu uli kuti? Lilime lili kuti?" Ndikanayankha chiyani, Amayi? Nkhani ngati imeneyo munthu angauze mwamuna, mlendonso? Ndinangoti ndinaiwala. Anandibwezera pamphero, ndipo masiku ambiri sanandiyang'ane.

Mtima wawo ndi wa moto wa mapesi, suchedwa kuzima. Anandibwezera chipande. Mwezi wotsatira tsiku lija linafikanso, anyezi ali pamoto, iwo ali pambali panga. Sindinafune kunamanso. Ndinatenga chipande n'kukankha chikho cha mchere patebulo mpaka chinakagunda dzanja lawo, ine maso ali pansi. Anayang'ana chikho, anayang'ana ine. Ndinamva anyezi akulira m'mafuta, ndinati basi ntchito yatha. Kenako anatapa mchere, n'kuthira okha. Akutembenuza anyezi ananena motsitsa, ngati akuuza sefuliya, "Kwathu amayi anga masiku ena sankakhudza mtsuko wa achali. Ankatuma ine." Sitinakambeponso.

Kuyambira pamenepo zinakhala choncho. Masiku anga akafika, chikho chinkayenda patebulo, iwo n'kuthira mchere akuimba kanyimbo kakwawo. Ngakhale ndiwo zakunyumba ndinkabwera nazo m'kambale kuti andithirire, kwa a Nachisale ndinaleka kupita. Munkati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu anadza ndi pakamwa potseka. Komabe chikhocho chikamayenda, mtima unkandiwawa chimodzimodzi, chifukwa ulendo wake uliwonse unkamuyandikizitsa Filipo ku Halale.

Nayi nkhani yanu ija. Wowerengayo atsitse mawu.

Dzana ndinali kukazinga adyo, fungo limene ndimalikonda, koma linanditembenuza m'mimba mpaka ndinathamangira panja. Nditabwerera ndinapeza a Pinto atenga chipande changa, pafupi ndi mphero aikapo kampando, ndi bwemba wosankhidwa bwino m'kasosala. Ndinati ndalakwanso chiyani? Iwo anagwira chikho cha mchere, anachinyamula pang'ono, n'kuchibwezera pamalo pake. Anati, "Mama Ereni, ichi chasiya kuyenda. Mwezi wapita, wina wapita, ndipo uno ukutha. Ine ndine wophika, ndimaona chimene chasuntha ndi chimene sichinasunthe. Khalani pansi, pamoto ndiima ndine."

Amayi, ine ndinkadziwa, koma ndinkaopa kuwerenga. Ndinkathira mchere ndi dzanja langa m'mawa uliwonse osapuma mpweya, kuti mwina ndikachiganizira chithawa. Nditamva wina akunena, ndinakhala pakampandopo n'kulira, misozi ikugwera m'masala. Iwo anati ndisadandaule, misoziyo nayonso ndi mchere.

Mwambo wake ndi woti mayi ndiye amayamba kumva, kenako akuluakulu ndiwo amauza mwamuna. N'chifukwa chake sindinauze Marita, sindinauze azakhali, ngakhale Filipo amene akunola zenga panjapa n'kumayang'ana njira ya kudoko. Mkulu wa ku Goa uja anangodzionera yekha, musamuwerengere. Woyamba kuuzidwa ndinu. Ndikamaliza kulemba ndipita kwa azakhali kuti achite mbali yawo mpunga usanalowe m'nkhokwe. Ngati Filipo apitebe, sindidziwa, koma tsopano ali ndi chomukokera kwawo.

Lamulungu ndibwera kumanda kudzalambula. Ndidzakhala nditaphika kari ya kampango kuti Bambo alawe, ngakhale adzati Amwenye amaononga nsomba, ndipo ndidzafika kwa inu fungo lili m'nsalu kuti nanunso mumve. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani kwambiri masiku ano kuposa tsiku la maliro. Akakhala wamkazi adzatenga dzina lanu, ndalonjeza. Ndipo tsiku lina, iye ali kusewera pabwalo, ndidzaima pakhomo, mitondo ileke kapena isaleke, n'kuitana mokweza kuti mumve kumene muliko: tabwera udzathire mchere m'ndiwomu.

Ndine mwana wanu,
Ereni