Chikanda changa pansi pa meza

Lamlungu, ku Fingoe. Tsiku loipa, mpaka pano mtima ukundiwawa.

Lero kugereja, kutchalitchi kwathu, kunali fesita, phwando lolandira apadiri, ansembe atsopano ochokera ku Tete. Dzulo lonse ndinatanganidwa ndi chikanda changa, kusinja, kuthira nsinjiro ndi chidulo, kenako makala pamwamba pa chivundikiro. Chinagwira bwino moti chimadulika ngati nyama.

Nditangochiika pa meza ya alendo, Rozita, mwana wa achimwene anga, amene tsopano akutsogolera amayi ophika, wachichotsa n'kuchilowetsa pansi pa meza. Pamalopo waikapo makarau, makaroni aja a m'paketi.

"Pepani azakhali," akutero monong'ona, "anthu a ku sidade, a m'tauni, sadya zakudya za othawa nkhondo. Izi n'za ku Zambia."

Za ku Zambia, inde! Akukana ndani? Anandiphunzitsa ndi mayi wina wa komweko tili kukampu, ndiwo zitasowa. Rozita yemweyo anabadwira kumeneko. Mayi ake atadwala, ndine ndinkamubereka popita kudambo kukakumba chikandacho, ndipo ankachilirira mpaka ndimunyemere. Lero ndiye chikumuchititsa manyazi!

Pagereja si pokanganirana. Ndangonyamula mbale yanga n'kubwerera, osalawa n'komwe makarau awowo.

Dzuwa likulowa ndamva odi pakhomo. Ndi Rozita, nsalu ya fesita ikadali m'chiuno, akuseka ngati palibe chachitika.

"Azakhali, chikanda chija chatsalako?"

Chatsala chambiri, mbale yonse. Ndamuuza kuti akachifune pansi pa meza.