Mkamwini akuopa kundikalipira m'ndege

Aphungu,

Ndayendetsa lole zaka makumi awiri osagunda ngakhale nkhuku. Pano ndinapuma ntchito, ndipo ndikuphunzira kuulutsa kandege kopopera mankhwala m'minda, kaja kokhala ndi kagudumu kumchira. Mphunzitsi wanga ndi mkamwini, mwamuna wa mwana wanga woyamba.

Vuto lili ponyamuka. Tikathamanga, mchira ukangodzuka, mphuno ya ndege imakhotera kumanzere. Kandegeka timakawongolera ndi mapazi, ndiye pamenepo ndimayenera kuponda ndi phazi lamanja. Koma mantha akandigwira, phazi lamanzere limakasaka kilatchi ngati ndili m'lole, ndege n'kukhoteratu. Lachiwiri lapitali tinazungulira ngati nguli mpaka mu udzu, phiko litatsala pang'ono kupala pansi.

Mkamwiniyu ulemu wake ndi wonyanya. Tsikulo anayamba kuti, "Pepani bambo, ngati sindikulakwitsa, mwina mukanati..." Mmene amamaliza n'kuti titaima kale pafupi ndi mpanda. Kunyumba mwana wanga anandinong'oneza kuti, "Ababa, mukawagwetsa adzawalanda chilolezo chophunzitsira, koma akuopa kukuuzani." Ndisiye kodi? Ndegeyi ndaikonda zedi.

G.K., kuseri kwa bwalo la ndege

Bambo G.K.,

Musasiye, koma lole ija itsikeni, chifukwa mudakali nayo m'miyendo.

Yambani ndi mkamwiniyo. Manyazi anapha lambe. Mukhale naye pansi, mwana wanu ali pomwepo, mumuuze nokha kuti chitseko cha ndege chikatsekedwa chipongozi chimatsala panja. Mawu akhale ochepa: "Lamanja!" kapena "Siyani, ndagwira!" Akatero musanyinyirike, ndipo nkhaniyo isakafike patebulo kunyumba.

Kenako phunzitsani mapaziwo. Mupempheni kuti masiku angapo muzingoyendetsa kandegeko pansi osauluka, mukutsata mzere wapakati, mpaka phazi lamanzere litaiwala kilatchi. Ponyamuka onjezani moto pang'onopang'ono, mchira musaudzutse mwadzidzidzi, maso akhale kutali kumapeto kwa bwalo. Pondani pang'ono koma msanga, n'kubweza phazi, osati kukanikiza ngati mukuimika lole pamtsetse. Kakayamba kukukanikani musananyamuke, chepetsani moto, mum'siyire mphunzitsi. Tsiku la mphepo yowomba m'mbali khalani pansi muzimwa tiyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjerani ndi ichi: akalephera kukukalipirani ngakhale mutamuloleza, funani mphunzitsi wina amene sanakwatire kwanu. Mwana wanuyo m'kandegemo mumakhala bambo ake ndi mwamuna wake, ndipo madzulo amaika mbale za onse awiri.