Za kugwa kwa achimwene pa lole ya fodya

Amayi,

Kaya mukukhala bwanji uko mudapitako. Kuno ku Kaomba mvula idagwa bwino. Chimanga chachita, ngakhale kuponi ya feteleza idabwera imodzi yoti mabanja awiri agawane. Alamu Nabanda, akazi a achimwene a Lameki, adachira mu Epulo. Mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu. Ine ndikuphunzitsabe sayansi pasekondale paja.

Nkhani yaikulu ndi ya achimwene omwewo. Popita ndi fodya ku okushoni adakwera pamwamba pa mabelo, kumbuyo kwa lole. Inu munkawaletsa, munkati, "Lameki, tsika apo, sindidabereke nkhuku ine." Panjira ng'ombe idadumpha msewu, dalaivala adaponda buleki, lole idaima, koma iwo sadaime nayo. Adapitirira pamwamba pa mutu wa lole nkukagwera kutsogolo. Mwendo udathyoka pawiri. Moyo ulipo, akuyendera ndodo.

Atatuluka m'chipatala, alamu adayamba kunena kuti adawaponya mwamatsenga ndi alongo anu, amalume a Gelesomu, poti ndi amene adakangana nawo pogawana feteleza uja. Anyamata apamudzi adapangana zokawotcha chigafa cha amalumewo, fodya ali momwemo. Lamlungu titaweruka kutchalitchi tidakhala pansi pachibale. Amalume adali pomwepo, chipewa chili m'manja.

Ndidatenga wilibala, ndidaikamo thumba, pamwamba pake dzungu, nkuthamanga nayo mpaka teyala lidagunda chitsa. Wilibala idaima, dzungu lidapitirira nkukaphwanyika. Ndidawauza zomwe ndimauza ana m'kalasi: chinthu chikamayenda chimapitirirabe mpaka china chitachiimitsa. Buleki imagwira mateyala, siigwira munthu amene wangokhala pa belo. Akachoka pamenepo, dziko limamukokera pansi monga limakokera dzungu, silifunsa kuti adakangana ndi yani. Tidabwereza ndi dzungu lina lomangirira ndi luzi, silidagwe.

Alamu adati, "Zamveka, alamu. Nanga ng'ombeyo adaituma ndani?"

Ndidawayankha kuti zimenezo m'mabuku anga mulibe. Ndidaona anyamata aja akuyang'anana.

Apo achimwene adaimirira ndi ndodo yawo, adakana kuti tiwagwire. Adati, "Pamwamba paja ndidakwera ndekha, dalaivala adandiuza kuti nditsike ine nkukana. Wogwira chigafa cha amalume wagwira changa."

Zidathera pomwepo. Chigafa chilipo, fodya wawo adagulitsa. Koma amalume adasiya kubwera kunyumba, timangopatsana moni pamsewu. Sabata yatha adamanga ng'ombe zawo pa ngolo nkukatuta chimanga chonse cha achimwene kumunda, popanda wowapempha. Adatsitsa pabwalo. Alamu adawatulutsira mpando, iwo adathokoza, adanyamula mwana uja pang'ono ali chiimire, adafunsa dzina lake. Atalimva adamubweza kwa amake nkukwera ngolo.

Inu mukadadziwa chowauza alongo anu. Ine sindikudziwa. Sukulu tikatsekera ndidzabwera kudzalambula pamene mudagonapo, ndipo ndidzadzera kwa amalume kukawapempha kuti tipitire limodzi. Akakana ndidzabwera ndekha, koma kuwapempha ndidzawapempha.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati